Chitsime cha mafuta chikaphulika pansi pa nyanja, amachitseka bwanji?

Ndineneretu poyamba pomwe, palibe munthu amene angatsike ndi sipanala kukamanga chitsime chomwe chili mamita 1,500 pansi pa madzi. Olo atakhala katswiri wosambira wa mtundu wanji, pulesha ya kumeneko ndi yoposa ya kumtunda kuno ka 150, kuli mdima wa ndiweyani ndipo madzi ake amazizira pafupifupi madigiri 4 kapena 5 basi. Nde chilichonse chomwe mukufuna kupanga, kumasula bawuti, kudula paipi, kutembenuza valavu, mumapanga ndi maloboti otchedwa ROV omwe akuyendetsedwa ndi munthu yemwe wakhala pa mpando mu sitima pamwamba, maso ali pa sikirini. Ntchito yoti kumtunda ndi ya mphindi 10 kumeneko imadya tsiku lathunthu.

Kwa amene munali ana kapena munaiwala, usiku wa pa 20 Epulo 2010 gasi anakwera mu chitsime cha Macondo ku Gulf of Mexico, makilomita pafupifupi 66 kuchokera ku gombe la Louisiana, nkufika pa rig ya Deepwater Horizon, chinsanja choyandama chokumbira mafuta, kenako moto buu. Mwa anthu 126 omwe anali pamenepo 11 anafa ndipo matupi awo sanapezeke. Rig inali ya kampani ya Transocean, chitsime cha kampani ya mafuta ya BP, simenti anathira ndi a Halliburton. Inayaka mpaka pa 22 Epulo nkumira, ndipo pomira inagwetsa riser, chipaipi chachitali chomwe chimalumikiza rig ndi chitsime, chinakagona pansi pa nyanja chitapindikapindika ngati chingwe chotayidwa. Mafuta anatumphuka masiku 87. Zomwe ndikulemba apa ndi mmene chitsime chotere amachitsekera, ndikutengera zomwe zinagwira ndi zomwe zinakanika ku Macondo, koma sinditsata kalendala ndendende chifukwa zina zomwe anazipanga mochedwa ndi zofunika kuyamba nazo.

Mvetsani kaye chomwe mukulimbana nacho

Mafuta a pansi pa nthaka sakhala phee ngati madzi a mu thanki. Amakhala mu timibowo ta mwala atapanikizika zedi komanso atasakanikirana ndi gasi, ku Macondo pulesha ya mu mwalamo inali pafupifupi 12,000 psi (psi ndi muyeso wa pulesha), makilomita 4 kupitirira pansi pa nyanja penipenipo. Mukaboola mwala umenewo zili ngati mwatsegula botolo la chakumwa cha gasi lomwe mwalikhutchumula. Chomwe chimawaletsa kukwera pokumba ndi matope olemera omwe amadzadza mu chitsime, si matope wamba ayi, amasakanizamo ufa wa mwala wolemera wotchedwa barite kuti alemere, ndipo mzere wa matope wotalika makilomita 5 umapondereza mafuta aja ndi kulemera kwake chabe. Chachiwiri ndi simenti ya pansi. Chachitatu, chomaliza, ndi blowout preventer, BOP mwachidule, chimulu cha mavalavu cholemera matani mazana angapo chomwe chimakhala pakamwa pa chitsime, mkati mwake muli chisizasi chotchedwa blind shear ram chomwe ntchito yake ndi kudula paipi nkutseka zonse zikavuta.

Ku Macondo zitatu zonsezi zinagwa motsatana. Simenti sinagwire, anyamata a pa rig anawerenga molakwika zotsatira za mayeso a pulesha nkuyamba kuchotsa matope kumalowetsa madzi a mnyanja omwe ndi opepuka, kenako BOP sinatseke. Ndikunena izi chifukwa njira zonse zotsekera zomwe zikubwerazi ndi kuyesa kubwezeretsa chimodzi mwa zitatuzi, chitsekerero pamwamba, matope mkati, simenti pansi. Palibenso za matsenga.

Tsiku loyamba lomwelo itanitsani rig ina, muyambe kukumba

Ichi anthu amachiona ngati chomaliza koma ndi choyamba. Relief well ndi chitsime china chomwe mumakumba chapatali pangono, kutsika kenako nkukhotetsa kuti mukakumane ndi chitsime chovutacho pansi penipeni, nkuchithira matope ndi simenti kuchokera kumeneko. Ndi njira yokhayo yomwe aliyense mu ntchitoyi amaikhulupirira, vuto lake imatenga miyezi, nde tsiku lililonse lomwe mwazengereza kuyamba ndi tsiku lomwe mwaonjezera kumapeto. BP inayamba choyamba pa 2 Meyi ndi rig ya Development Driller III, ndipo boma la America linalimbikira kuti pakhale chachiwiri chodikirira, Development Driller II inayamba pa 16 Meyi. Kukumba ziwiri si kuononga ndalama, chimodzi chikhoza kuphonya kapena kugumuka. Ku Montara, ku Timor Sea mu 2009, anaphonya kanayi nkudzalasa kachisanu. Ku Ixtoc I ku Mexico, chomwe chinaphulika pa 3 Juni 1979 mmadzi akuya mamita 50 okha, a kampani ya mafuta ya Pemex analimbana nacho mpaka Malichi 1980, ndipo chinathetsa nkhani ndi ma relief well omwewa. Nde yambani kukumba, zisiyeni zizipita, tidzabwereranso kumeneko.

Yezani mafuta akutuluka, ndipo osadzinamiza

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti nkhani yonse inapindikira. Poyamba a BP ndi a boma anati migolo 1,000 pa tsiku. Patatha masiku ochepa anati 5,000, ndipo nambala imeneyi inakhala pakamwa pa akuluakulu kwa pafupifupi mwezi. Mgolo umodzi ndi malita 159. Asayansi akunja sanavomereze, Ian MacDonald wa ku Florida State University anayangana zithunzi za setilaiti nkunena kuti ndi zoposa kasanu, ndipo kavidiyo ka masekondi 30 koonetsa mafuta akufuka pansi pa nyanja katatuluka mu Meyi, Steven Wereley wa ku Purdue anawerengera liwiro la timadontho nkupeza cha mma 70,000. Pamapeto pake gulu la boma lomwe ankatsogolera Marcia McNutt linati chitsime chinayamba ndi migolo 62,000 pa tsiku nkutsika kufika 53,000.

Ena amati nambala ilibe ntchito bola titseke. Bodza limenelo. Kukula kwa chivindikiro, kuchuluka kwa sitima zolandira mafuta pamwamba, liwiro lopopera matope, zonsezi mumawerengera kuchokera pa nambala imeneyo. Mukaichepetsa mupita ndi kapu kukatunga mtsinje. Komanso dziwani kuti kampani ili ndi chifukwa chofunira nambala yochepa, ku America chindapusa cha lamulo loteteza madzi la Clean Water Act chimawerengedwa pa mgolo uliwonse, nde oyeza asakhale eni chitsime okha.

Kenako yesani BOP ija, koma osakakamirapo. Maloboti ali ndi polumikiza pomwe angapope madzi a hydraulic, okankha zitseko ndi pulesha, mwachindunji kuti chisizasi chija chitseke, ndipo ndi zoyenera kuyesa chifukwa zikatheka nkhani yatha tsiku lomwelo. Ku Macondo anayesa kwa pafupifupi masabata awiri osaphula kanthu, anatayanso masiku chifukwa mapulani a mapaipi a BOP omwe anali nawo sanagwirizane ndi mmene chinthucho chinalili pansipo, amapopa malo ena poganiza kuti akutseka pena. Atadzaizula nkuifufuza anapeza kuti paipi yokumbira inapindika nkutsamira kumbali, nde chisizasi chinaluma koma sichinamalize kudula. Phunziro laulere, mapepala a makina anu azikhala olondola tsoka lisanafike.

Pomwe mukuganiza zotseka, wakhani omwe mungathe

Ganizo loyamba la aliyense ndi kuvindikira. BP inapanga chibokosi chachitsulo chotalika ngati nyumba ya nsanjika 4, cholemera pafupifupi matani 100, chokhala ndi pakamwa pamwamba polumikiza paipi yopita ku sitima. Anachitsitsa pa 7 Meyi, pofika pa 8 chinali chitakanika kale. Chinachitika nchakuti gasi wa methane akakumana ndi madzi ozizira pa pulesha yayikulu chonchija amapanga timiyala tangati ayezi totchedwa hydrate, nde tinadzadza mkati, tinatseka pakamwa paja, ndipo poti ndi topepuka kuposa madzi chibokosicho chinayamba kufuna kuyandama. Tangoganizani chitsulo cha matani 100 chodzadza gasi chikukwera chokha kulunjika sitima zomwe zili pamwamba. Anachikhazika pambali pansi pa nyanja. Zoseketsa zake nzakuti ku Ixtoc anayesa chofanana nacho, ankachitchula Sombrero, nachonso sichinathandize kwenikweni, zaka 31 za ku Macondo zisanachitike.

Nde lamulo la chivindikiro ndi ili, chikhale chachingono, madzi a mnyanja alowemo ochepa, ndipo muzipoperamo mankhwala a methanol ndi madzi otentha kuti hydrate asagwirane. Chinayamba kugwirako pa 16 Meyi chinali kapaipi ka mainchesi 4 komwe anakalowetsa mkamwa mwa riser ya mainchesi 21, kokhala ndi malabala mbali kuti katseke mpata, nkumakoka mafuta kupita ku sitima ya Discoverer Enterprise. Mmasiku 9 kanakoka migolo pafupifupi 22,000. Zochepa, sizikufika olo theka la zotuluka tsiku limodzi, koma kanaulula chinthu chimodzi, panali nthawi yomwe kamakoka pa mlingo woyandikira 5,000 uja pomwe pa kamera mafuta akufukabe ngati palibe chachitika.

Top kill ndi junk shot, zomwe aliyense amazikumbukira

Top kill ndi kupopa matope olemera kuchokera pamwamba, kudzera mu timapaipi tiwiri ta mmbali mwa BOP totchedwa choke ndi kill, mwamphamvu zedi kuti matope agonjetse mafuta nkuwabweza pansi. Ndi mpikisano wokankhana basi. Vuto ndi lakuti chitsime chili chotsegula pamwamba, nde matope ali ndi njira ziwiri, kutsika kukalimbana ndi mafuta kapena kungokhota nkutuluka ndi mafutawo mnyanja, ndipo madzi aliwonse amasankha njira yophweka. Apa ndi pamene junk shot imabwera, mumaombera zinyalala mu BOP kuti zikatsekeko mipata ya pamwambayo, mipira ya gofu, zidutswa za mateyala, zingwe zomanga mfundo, timipira ta labala tosiyana kukula. Anthu anaseka kwambiri nthawi imeneyo, eti kampani ya mabiliyoni ikutseka chitsime ndi mipira ya gofu, koma ndi njira yakale ndithu ya ozimitsa zitsime, ku Ixtoc anaomberamo mipira yachitsulo ndi ya mtovu.

Anayesa kuyambira pa 26 mpaka 28 Meyi, katatu, kuchokera pa sitima ya Q4000, anapopa migolo ya matope pafupifupi 30,000 nthawi zina migolo 80 pa mphindi. Tony Hayward, bwana wamkulu wa BP, ananena kuti mwayi woti zitheke unali 60 mpaka 70 pa 100. Pa 29 Meyi anavomera kuti zakanika. Ndipo apa nambala ija yabweranso, mainjiniya awo omwe anali atawerengera kuti top kill singagwire ngati mafuta akutuluka kupitirira migolo 13,000 mpaka 15,000 pa tsiku, pomwe chitsime chimatulutsa kanayi kuposa pamenepo. Kunena zoona inafa isanayambe.

Chomwe muyenera kusamala nacho pano, ndipo chikhala nafe mpaka kumapeto, ndi kusaphulitsa chitsime mkati. Chitsime ndi mapaipi achitsulo olowetsana, ndipo ku Macondo paipi ya mainchesi 16 inali ndi tizitsekerero totchedwa rupture disk tomwe timaboka dala pulesha ikapyola. Mukakankha kwambiri kuchokera pamwamba nkungambula paipi mmbali, mafuta amalowa mu nthaka nkudzatulukira mmingalu paliponse pansi pa nyanja. Bowo limodzi mutha kulivindikira, koma nthaka yonse ikamachucha mulibenso chogwira. Nchifukwa chake a Steven Chu, nduna ya zamphamvu ya America yomwe inali ndi mphoto ya Nobel ya physics, ndi gulu lawo la asayansi anaika malire a pulesha ndipo anaimitsa top kill.

Top kill ikakanika dulani paipi yopindikayo muike chipewa. Anafuna kudula bwinobwino ndi sowo ya waya wa dayamondi kuti pakamwa pakhale posalala, sowoyo inakanirira pakati, nde anangotenga chisizasi chachikulu nkudula mwachisawawa pa 3 Juni. Kudula kumaonjezera kaye mafuta otuluka chifukwa kupindika kuja kumatsamwitsako, zimenezo muziyembekezere ndipo muuziretu anthu. Chipewacho sichinakhale bwino pa chilonda chokhotakhota chija koma chimakoka migolo pafupifupi 15,000 pa tsiku, pomwe panali pothera mphamvu ya Discoverer Enterprise. Pa 16 Juni anatembenuza mapaipi a top kill aja kuti azikoka mmalo mopopa, Q4000 nkumaotcha migolo ina pafupifupi 10,000 pa tsiku pompo panyanja. Zonse pamodzi 25,000, ndipo pa kamera kunali kukufukabe. Sitima zinachepa chifukwa anakonzekera nambala yolakwika. Muzikumbukiranso kuti njira iliyonse yodalira sitima pamwamba imatha mphepo yamkuntho ikabwera, ndipo nyengo ya ma hurricane ku Gulf imayamba pa 1 Juni.

Za pamwamba pa madzi ndingodutsamo mwachangu chifukwa sikutseka chitsime, ndi kukolopa pomwe mpopi ukadali wotsegula. Mumayala ma boom, zotchinga zoyandama, mumawakha ndi maboti, asodzi ambiri omwe nyanja yawo inatsekedwa analembedwa ganyu yomweyo, mumakusa mafuta pamodzi nkuyatsa, anayatsa kokwana 411. Anathira mankhwala obalalitsa mafuta a Corexit malita pafupifupi 7 miliyoni, ena pa ndege ena pakamwa penipeni pa chitsime zomwe zinali zisanachitikepo, ndipo mpaka lero asayansi amakanganabe ngati zinathandiza kapena zinangobisa mafuta pansi pa madzi. Bwanamkubwa wa Louisiana Bobby Jindal analimbikira zomanga milambala ya mchenga, BP inavomera kulipira madola 360 miliyoni, ndipo komiti yofufuza inadzapeza kuti inakola migolo mwina 1,000 yokha. Ndipo ayi, osaphulitsa bomba. Anthu ambiri amanena zimenezo potengera kuti Soviet Union inatsekapo chitsime cha gasi ku Urta-Bulak ku Uzbekistan mu 1966 ndi bomba la nyukiliya, koma kunali kumtunda, ndipo tanena kale zomwe zimachitika nthaka ikangaluka. Boma la America linakana.

Capping stack, chomwe chinatseka zenizeni

Ichi ndi ka BOP kenanso kakangono komwe mumakakhazika pamwamba pa BOP yakufayo nkumanga ndi mabawuti, osati kungovindikira. Cha ku Macondo chinali cha matani pafupifupi 75 chokhala ndi zitseko zitatu, ndipo chinthu chowawa nchakuti panalibe chopangiratu, anachita kuchipanga mafuta akutayika. Ndondomeko yake ili chonchi. Chotsani chipewa chija, kutanthauza kuti kwa masiku awiri chitsime chikhala chikukhuthuka poyera, limbani mtima. Maloboti amasule mabawuti 6 a chitsa cha riser chomwe chinatsala, achichotse, amangepo cholumikizira chatsopano. Kenako tsitsani capping stack ili yotsegula, mafuta azidutsa mkati mwake pomwe mukuikhazika, chifukwa mukaitsitsa yotseka ingokankhidwira kumbali. Anayamba pa 10 Julayi, pa 12 inali itakhala.

Potseka musatseke kamodzinkamodzi. Mumayamba ndi chitseko chapakati mafuta nkumatulukira mmbali, kenako kill line, kenako choke yomwe mumaipotokola pangonopangono maso ali pa geji. Pa 15 Julayi nthawi ya 2:25 masana kamera inaonetsa madzi oyera koyamba mmasiku 87.

Koma apa ndi pomwe mtima unali mmwamba kuposa kale, chifukwa kutseka pamwamba ndiye kuti pulesha yonse yatsekeredwa mkati mwa mapaipi omwe palibe akudziwa ngati ali bwino. Anagwirizana kale mmene awerengere, pulesha ikakwera kupyola 7,500 psi ndiye kuti chitsime nchathunthu, ikalephera kufika 6,000 ndiye kuti chikuchucha mu nthaka mutsegule msanga. Geji inakaima cha mma 6,600. Pakatikati penipeni, poti sizikukuuzani kanthu. Asayansi ambiri a boma amafuna atsegulenso kuopa kungambula nthaka, ndipo mwina mukanakhala inu mukanatero, chifukwa chitsime chotsegula mumachidziwa kale pomwe nthaka yongambika simungaibweze. Amene anapulumutsa zinthu ndi Paul Hsieh wa ku US Geological Survey, katswiri wa madzi a pansi pa nthaka osatinso wa mafuta, mnzake anajambula sikirini ya pulesha ndi foni nkumutumizira ku California, iye anachezera usiku onse pa kompyuta nkuonetsa kuti mmene pulesha imakwerera zikugwirizana ndi chitsime chathunthu chomwe mwala wake wangophwa mphamvu pambuyo potulutsa mafuta miyezi itatu. Mmawa mwake Thad Allen, mkulu wopuma wa Coast Guard, asilikali olondera gombe la America, yemwe amatsogolera ntchito yonse, analola kuti chikhale chotseka, koma kwa maola ochepa ochepa, akumaonjezera akaona kuti zili bwino, uku sitima zikuyeza nthaka ndi zipangizo zogwiritsa ntchito mafunde a phokoso, seismic ndi sonar, ndipo maloboti akuzungulira kusaka thovu lililonse lotuluka pansi. Sanachitsegulenso. Namondwe Bonnie atabwera kumapeto kwa Julayi sitima zambiri zinathawa nkuchisiya chili chotseka, chikanakhala chipewa chija mafuta akanayambiranso kukhuthuka.

Nde musangoyangana nambala yomwe geji yaima, yanganani mmene ikukwerera ndi nthawi, ndipo mugwirizane malire anu musanatseke chifukwa pa nthawiyo aliyense mu chipindamo amakhala sanagone masabata.

Chitsime chikaima, matope aja omwe anakanika mu Meyi tsopano amagwira, chifukwa alibenso kothawira. Iyi amati static kill. Simukulimbananso ndi mtsinje, mukungokankha mafuta omwe aima kuwabwezera mu mwala momwe anachokera, pangonopangono, pulesha osaipyoletsa malire. Pa 3 Ogasiti anapopa kwa maola pafupifupi 8, migolo ya matope cha mma 2,300 yokha, yerekezani ndi 30,000 ija, ndipo pulesha pamwamba inagwa. Pa 5 Ogasiti anathira simenti. Mukhoza kuona ngati zatha ndipo ena ku BP amaona choncho, koma Allen anakana, anati relief well imalizidwe. Chifukwa chake nchakuti simenti yochokera pamwamba inadzadza mkati mwa paipi, koma panali mpata wina kunja kwake pakati pa paipi ndi khoma, annulus, womwe palibe amadziwa ngati muli mafuta. Asanapitirize anazulanso BOP yakale ija kumayambiriro kwa Seputembala nkuikapo yabwino, yakaleyo inatengedwa ngati umboni.

Kubwerera ku relief well

Tsopano funso lomwe limandisangalatsa ine, mumaipeza bwanji paipi yotakata ngati mbale yodyera, makilomita oposa 5 kuchokera pomwe mwaima, mkati mwa mwala, osaiona? GPS sigwira pansi pa nthaka. Mapu a mmene chitsime choyamba chinayendera alipo koma pa mtunda wotere amaphonya ndi mamita angapo. Nde mukayandikira mumasiya kukumba, kuzula zida, nkutsitsa kachipangizo komwe kamathira magetsi mu mwala. Magetsi amakonda chitsulo, nde amakasonkhana pa paipi ya chitsime chovutacho nkumayenda mmenemo, zomwe zimapanga mphamvu ya maginito, ndipo kachipangizo kaja kamamva kuti paipi ili mbali iti komanso patali bwanji. Mwakumba mamita ochepa, mwaima, mwayeza, mwakonza chiwongolero, mwakumbanso, mobwerezabwereza mpaka kutopa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Simumabwera mopingasa ngati mukulasa nyama, mumatsika moyandikana nacho ngati misewu iwiri yoyenda limodzi, mpata ukumachepa pangonopangono, chifukwa mukabwera mopingasa nkuphonya ndiye kuti mwadutsa, mubwerere mthire simenti muyambirenso. Musanaboole mumalimbitsa kaye chitsime chanucho ndi paipi ndi simenti mpaka pafupi, matanki a matope akhale odzadza ndipo mapampu ali chile, chifukwa mukangoboola chitsime chamoyo chimayamba kumeza matope anu ndipo akakutherani muli ndi zitsime ziwiri zophulika.

Kupha kuchokera pansi kumagwira olo chitsime chikutuluka, chifukwa matope akulowera pansi nkukwera limodzi ndi mafuta, akamadzadza mzere uja ukulemera mpaka mafuta alephera kuunyamula. Amene anatsogolera kulasa ku Macondo ndi John Wright wa kampani ya Boots & Coots, yemwe anali atalasapo zitsime 40 osaphonya. Anaboola pa 16 Seputembala, pafupifupi mamita 5,500 kuchokera pamwamba, ndipo mu annulus muja sanapezemo mafuta, kusonyeza kuti nthawi yonseyi amakwerera mkati mwa paipi kudzera pa simenti ya pansi ija. Anathira simenti, anayeza pulesha, ndipo pa 19 Seputembala Thad Allen analengeza kuti chitsime chafa, patatha miyezi isanu chiphulikire.

Boma linati panatuluka migolo 4.9 miliyoni, pafupifupi 800,000 mwa imeneyo anaiwakha isanalowe mnyanja. BP inatsutsa, ndipo mu 2015 woweruza Carl Barbier ku New Orleans anagamula kuti yolipirira chindapusa ikhale 3.19 miliyoni. Mgwirizano ndi boma komanso zigawo zisanu za ku Gulf unali wa madola 20.8 biliyoni, ndipo zonse pamodzi kampaniyo yalipira zoposa 60 biliyoni. Mu Julayi 2010 momwemo ExxonMobil, Chevron, ConocoPhillips ndi Shell anasonkha madola 1 biliyoni nkuyambitsa Marine Well Containment Company, ndipo pano wofuna chilolezo chokumba mmadzi akuya ku Gulf amayenera kuonetsa kuti capping stack ilipo kale pa gombe, yoyesedwa, komanso sitima yoinyamula. Pulani yomwe BP inali nayo mu kabati pa 20 Epulo paja inatchulamo zoteteza ma walrus, nyama za kozizira ku Arctic zomwe ku Gulf of Mexico kulibeko.